Tsoka silinunkha, koma madzi saiwala khwawa

Munthu akafa mwadzidzidzi, anamfedwa timawatonthoza ndi mawu akuti tsoka silinunkha. Ndi mawu abwino, ndipo pasiwa sindingawatsutse. Vuto limayamba mwambiwu ukachoka pasiwa n'kukalowa mu ofesi yovomereza mapulani a nyumba, kapena m'kamwa mwa kontilakita amene wagulitsa theka la simenti ya eni ake. Kumeneko umasanduka pobisalira. Makolo omwewo anatisiyiranso mwambi wina umene anthu otere saukonda: madzi saiwala khwawa. Tsiku limene mtsinje udzasefukire palibe angalitchule, koma kumene udzadutse kumadziwika, chifukwa unadutsako kale. Zivomerezi nazo n'chimodzimodzi, ndipo chaka cha 2010 chinaonetsa zimenezi poyera.

Pa 12 Januwale chaka chimenecho, nthawi itatsala pang'ono kukwana 5 koloko madzulo, nthaka inagwedezeka pafupi ndi tauni ya Léogâne m'dziko la Haiti, makilomita pafupifupi 25 kuchokera ku likulu la dzikolo, Port-au-Prince. Mphamvu ya chivomerezicho inali 7.0, ndipo sichinathe ngakhale mphindi imodzi. Nyumba ya boma inagwa, nyumba ya malamulo inagwa, tchalitchi chachikulu cha Katolika chinagwa. Arkibishopu Joseph Serge Miot anafa tsiku lomwelo. Likulu la ntchito za United Nations m'dzikolo linaphwasuka n'kupha mkulu wake, Hédi Annabi, pamodzi ndi antchito ambiri. Boma linalengeza kuti anthu oposa 220,000 afa, ndipo pambuyo pake linakweza chiwerengerocho kufika pa 316,000. Ofufuza ena amati boma linakokomeza, koma ngakhale iwo amanena za anthu zikwi makumimakumi. Anthu pafupifupi 1.5 miliyoni anasowa pokhala.

Patatha masiku 46, pa 27 Febuluwale, mbandakucha anthu ali mtulo, chivomerezi cha mphamvu ya 8.8 chinagwedeza chigawo chapakati cha dziko la Chile. Musanamizike ndi kuyandikana kwa manambala awiriwa. Sikelo yoyezera zivomerezi sikwera ngati sikelo ya pachigayo, ndipo mphamvu imene inatuluka ku Chile inali yowirikiza ya ku Haiti pafupifupi ka 500. Nthaka inavina kwa mphindi pafupifupi zitatu. Anthu amene anafa anali 525.

Akatswiri adzakuuzani, ndipo sakunama, kuti cha ku Haiti chinayambira pafupi kwambiri ndi mzinda wodzaza anthu komanso mosazama, pamene cha ku Chile chinayambira kunyanja. Zimenezi zikufotokoza mbali ina. Koma mzinda wa Concepción unagwedezeka koopsa, ndipo nyumba zake zosanjikizana zambiri zinang'aluka osagwa. Imene inagwa yonse, ya Alto Río ya nsanjika 15, inakhala nkhani ya dziko lonse mpaka kukhoti, chifukwa kwa anthu a ku Chile nyumba yatsopano kugwa ndi mlandu wofuna woyankha.

Kodi nzeru zimenezi anazitenga kuti? Anazigula ndi maliro. Mu 1939 chivomerezi cha ku Chillán chinapha anthu pafupifupi 28,000. Mu 1960 kunabwera cha ku Valdivia, cha mphamvu ya 9.5, chachikulu kuposa china chilichonse chimene makina anayezapo padziko lapansi. Mu 1985 china chinagwedeza dera la Valparaíso ndi Santiago. Palibe m'badwo wa ku Chile umene unakula osathawapo m'nyumba usiku. Chivomerezi chilichonse chikadutsa, mainjiniya ankapita kukaona chimene chagwa ndi chifukwa chake, malamulo a kamangidwe n'kukhwimitsidwa. Lamulo lawo limamuika womanga nyumba pa udindo kwa zaka 10 ngati mafupa a nyumbayo apezeka ndi vuto. Munthu wodziwa kuti akhoza kuitanidwa kukhoti patatha zaka zisanu ndi zitatu saba zitsulo mwachisawawa.

Haiti nayo inali ndi khwawa lake. Port-au-Prince inaphwasulidwa ndi chivomerezi mu 1751, inaphwasulidwanso mu 1770. Kenako nthaka ya pansi pa mzindawo inakhala chete zaka 240. Zaka zimenezo n'zokwanira kuti agogo amene anaona afe, adzukulu awo afe, nkhani n'kutsala m'mabuku amene munthu wamba sawerenga. Chimene anthu a ku Haiti ankachidziwa ndi namondwe, amene amawayendera pafupipafupi; mu 2008 mokha anamondwe anayi anawakantha motsatizana. Choncho yense wopeza kangachepe ankathira denga la konkire lolemera kuti mphepo isasasule. Dengalo linkakhala pa makoma a mabuloko ochepa simenti, mizati yake yokhala ndi zitsulo zochepa, nthawi zambiri m'mapiri otsetsereka. Nthaka itagwedezeka, denga lomwe ankadalira lija ndi limene linawaphwanya.

Sikuti panalibe owachenjeza. Mu 2008 akatswiri a za nthaka, mmodzi mwa iwo Eric Calais, ananena pamsonkhano kuti mng'alu wa pansi panthaka wotchedwa Enriquillo, umene umadutsa kumwera kwa mzindawo, wasonkhanitsa mphamvu zokwanira kubweretsa chivomerezi cha 7.2. Tsiku sanalitchule, pakuti palibe katswiri amene angathe kutero. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo awa anadzakoma pamwamba pa manda a anthu ambirimbiri.

Pano ndisawalakwire anthu a ku Haiti. Zaka ziwiri sizingakwane kumanganso mzinda wa anthu oposa mamiliyoni awiri, makamaka m'dziko limene umphawi wake uli ndi mbiri yowawa. Mu 1825 France inalamula Haiti kulipira mafranki 150 miliyoni ngati chipukutamisozi kwa amene kale anali eni akapolo, ndipo ngongole imeneyo inayamwa dzikolo kwa mibadwo. Mayi wogulitsa malasha sangalembe ntchito injiniya. Komabe pali zinthu zimene sizifuna chuma chambiri: woyendera zomangamanga amene salandira chiphuphu, sukulu ndi chipatala zomangidwa moyenera. Mu Novembala 2008 sukulu ina ku Pétion-Ville inagwa yokha ana ali m'kalasi, popanda chivomerezi chilichonse, ndipo anthu oposa 90 anafa. Limenelo linali tsoka lonunkha, ndipo fungo lake linafika kwa aliyense amene anali ndi mphuno.

Mvula ikakuona litsiro siikata. Mu Okutobala 2010 kolera anabuka m'mbali mwa mtsinje wa Artibonite, kuchokera ku zonyansa za pamsasa wa asilikali osungitsa mtendere a United Nations ochokera ku Nepal. Anthu pafupifupi 10,000 anafa ndi matendawa m'zaka zotsatira, ndipo mlembi wamkulu wa bungweli, Ban Ki-moon, anadzapepesa mu Disembala 2016. Obwera kudzathandiza nawonso amafunika kuwayang'anira.

Tisathamangire kuiveka Chile chisoti. Usiku wa chivomerezi uja nthambi ya asilikali a panyanja yoona za mafunde inachotsa chenjezo la tsunami nthawi isanakwane, ndipo ofesi ya boma yoona za ngozi inasokonezeka. Mafunde anabwera ndithu, n'kukokolola Constitución, Dichato ndi matauni ena a m'mbali mwa nyanja. Amene anapulumutsa anthu ambiri ndi asodzi ndi mabanja awo. Iwo anakula akumva kwa makolo awo kuti nthaka ikagwedezeka mpaka kulephera kuimirira, osadikira wailesi, thawira kumtunda. Anathawadi mumdima. Ambiri mwa amene anamira anali alendo odzacheza, monga amene anagona m'matenti pachilumba cha Orrego pamathiriro a mtsinje wa Maule. Pachilumba cha Robinson Crusoe, kutali m'nyanja, mtsikana wa zaka 12 ndi amene anathamanga kukaliza chitsulo cha pabwalo ataona mabwato akuwombana padoko. Boma lokhala ndi makina linalephera, mwambo wapakamwa unagwira ntchito.

Koma mwambo wapakamwa nawo umatha kusokeretsa ukapanda kuunikidwa. Pa 25 Okutobala 2010, usiku, chivomerezi chinachitika kufupi ndi zilumba za Mentawai ku Indonesia. Anthu a kumeneko anali atamvapo zivomerezi zamphamvu mu 2007, zimene sizinabweretse mafunde oopsa kwa iwo. Ichi chinamveka chofooka koma chotalika, ndipo ambiri anaganiza kuti ngati chachikulu chija sichinatipweteke, aka katani. Patangopita mphindi zochepa mafunde anafika n'kupha anthu oposa 400. Zimene munthu anaziona ndi maso ake n'zochepa poyerekeza ndi zimene nthaka imatha kuchita, n'chifukwa chake gogo ndi katswiri ayenera kukhala pamphasa imodzi.

Chaka cha 2010 chinali ndi zina. Pa 14 Epulo chivomerezi chinagwetsa nyumba za dothi ndi matabwa ku Yushu, kumapiri ozizira a chigawo cha Qinghai ku China, ndipo anthu pafupifupi 2,700 anafa. Pa 4 Seputembala cha mphamvu ya 7.1 chinagwedeza dera la Christchurch ku New Zealand anthu ali mtulo, ndipo palibe amene nyumba inamugwera n'kumupha. Dziko lonse linawombera m'manja. Patatha miyezi yosakwana isanu ndi umodzi, pa 22 Febuluwale 2011, china chocheperako, cha 6.3, chinabwera masana pafupi ndi pakati pa mzinda n'kupha anthu 185. Mwa amenewa, 115 anafera m'nyumba imodzi yokha, ya CTV, imene komiti yofufuza inadzapeza kuti pulani yake inali yolakwika kuyambira pachiyambi ndipo sinayenera kuvomerezedwa. Ngakhale m'dziko lolemera, siginecha imodzi yosasamala imadikira zaka zambiri kenako n'kupha.

Wina anena kuti zonsezi n'za kutali. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo kwa ife nkhaniyi inafika kale pakhomo. Nyanja ya Malawi ili mu chigwa chachikulu chong'ambika cha kum'mawa kwa Africa, kumene nthaka ikutang'adzuka pang'onopang'ono. Pa 10 Malichi 1989 chivomerezi cha ku Salima chinapha anthu 9 ndi kusiya pafupifupi 50,000 opanda pokhala. Mu Disembala 2009, kutangotsala mwezi umodzi kuti Haiti igwe, Karonga inagwedezeka kangapo kwa milungu iwiri, chachikulu chake chikufika pafupifupi 6.0. Anthu anayi anafa, mazana anavulala, nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka. Kutsidya kwa malire, chigawo cha Manica ku Mozambique chinamva cha 7.0 mu Febuluwale 2006, mphamvu yofanana ndi ya ku Haiti, kungoti chinagwera kumalo a anthu ochepa.

Ndikayika Haiti uku, Chile uku, ine ndikuona kuti tikufanana kwambiri ndi Haiti. Zivomerezi zathu zimabwera patalipatali, motero zimatipeza titaiwala. Mwana wobadwa chaka cha chivomerezi cha ku Salima lero ndi bambo amene akumanga nyumba yake, ndipo mwina sanamvepo kuti chinachitika. Maganizo athu onse ali pa madzi osefukira ndi anamondwe, ndipo m'pomveka titaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu 2023. Koma taonani mmene tikumangira. Njerwa zowotcha zomata ndi matope, khoma lopyapyala la njerwa imodzi, mazenera akuluakulu pafupi ndi ngodya, popanda lamba wa konkire womanga makoma onse pamodzi pamwamba pa zitseko ndi mazenera. Bilidala akanena kuti pakufunika matumba ena a simenti ndi zitsulo, mwini nyumba amati akufuna kumubera, ndipo nthawi zina amakhala akunena zoona, n'chifukwa chake nkhaniyi ndi yovuta. M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu nyumba zosanjikizana zikumera mofulumira, ndipo m'mapiri a Ndirande ndi Soche anthu akukwerabe chokweza. Chivomerezi cha 1989 chinapeza Lilongwe yaing'ono ya nyumba zapansi. Chotsatira chidzapeza mzinda wina.

Pempho langa likupita koyamba kwa makhonsolo: pulani ya sukulu, chipatala, tchalitchi, mzikiti kapena nyumba iliyonse yosanjikizana isadindidwe injiniya asanawerengere za chivomerezi, ndipo woyendera apite pamalopo zitsulo zisanakwiriridwe ndi konkire, chifukwa zikakwiririka palibenso angaziwerenge. Sukulu zophunzitsa ntchito zamanja ziphunzitse amisiri kumanga ngodya zolumikizana bwino ndi lamba wa pamwamba, ngakhale pa nyumba ya zipinda ziwiri. Aphunzitsi a ku Karonga ndi Salima aitane amene anaona zija kuti adzafotokozere ana akadali moyo. Ndipo inu amene mukumanga chaka chino, ngati ndalama zikuchepa, siyani kaye matailosi ndi penti. Gulani simenti ndi zitsulo za lamba uja, ndipo tsiku lothira konkire mukakhalepo nokha.