Injini Yoyamba Yolira pa Njanji Yachidole

Iye amene wayala njanji yachidole ya muyeso wa OO, nakhumba kumva injini yamalasha ikupuma ndi kuliza mluzu monga zinkachitira za ku Britain, asathamangire injini yotchedwa Flying Scotsman chifukwa cha mbiri yake, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: utali wake, pamodzi ndi mabogi oyenera ulemerero wake, sudzakwana pathebulo la m'nyumba. Kainjini kakang'ono nakonso sindikayamikira, popeza sipika yake njochepa, ndipo mawilo otola magetsi pokhala owerengeka, kafumbi kapanjanji kamadula mawu pakati. Koma injini yotchedwa Black Five ya mmisiri Stanier, yoyamba kupangidwa mu 1934, ikoka ngolo yamalasha momwe sipika yaikulu ikhala motakasuka. Gulani imeneyo, abale anga, mutatsimikiza kuti chowongolera chanu nchamtundu wa DCC, pakuti ndicho chiliza mluzu pamene mwafuna.