Woyamba Kuweta Makorali Asathamangire Nyale Yowala Koposa

M'maiko ambiri, monga ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa, muli anthu amene amaweta makorali m'nyumba zawo, m'matanki a galasi odzaza ndi madzi amchere. Munthu woyamba kumene ntchito imeneyi akalowa m'sitolo ya zipangizo zake, chinthu chimene chimamuzunguza mutu kuposa zonse ndi nyale. Nyale zilipo zamitundumitundu, zina zotsika mtengo, zina zodula kuposa thanki yeniyeniyo, ndipo pa bokosi la iliyonse pali mau oitamanda. Ambiri amaganiza kuti yowala koposa ndi yodula koposa ndiyo yabwino. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo aphetsa makorali ambiri. Woyamba kumene ayenera kutsimikiza kaye mtundu wa makorali amene afuna kuweta, ndipo atatero agule nyale ya mphamvu yapakatikati imene angathe kuichepetsa kapena kuionjezera, ndi kumaiyatsa nthawi yofanana tsiku ndi tsiku.

Kuti mfundo imeneyi imveke, ndi bwino kudziwa kaye chimene korali ali. Ngakhale amaoneka ngati mwala kapena chitsamba, korali ndi nyama. Chimene maso amachiona ngati nthambi imodzi ndi mudzi wa tizilombo tambirimbiri, ndipo kalikonse kali ndi pakamwa pozunguliridwa ndi timanja. Mitundu yambiri imadzimangira chigoba cha laimu, ndipo zigobazi zikaunjikana kwa zaka zikwizikwi zimasanduka matanthwe a pansi pa nyanja, monga a ku zilumba za Quirimbas ndi Bazaruto ku Mozambique, a ku Zanzibar, ndi a Great Barrier Reef ku Australia, amene adatenga mtunda woposa makilomita 2,000. M'thupi la tizilomboti mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zotchedwa zooxanthellae. Nderezi zimachita chimene tsamba la chimanga limachita m'munda: zimatenga kuwala, madzi ndi mpweya umene korali amatulutsa, n'kupanga shuga. Gawo lalikulu la shugayo limapita kwa korali, ndipo m'mitundu ina limafika pafupifupi magawo 90 pa 100 a chakudya chimene nyamayo imafuna.

Apa ndi pamene kuweta makorali kumasiyanirana ndi kuweta nsomba. Mbuna za m'Nyanja ya Malawi, zimene zimawetedwa m'matanki a madzi opanda mchere m'maiko ambiri, zimadya chimene mwini wake waziponyera, ndipo ntchito yaikulu ya nyale ya pa thanki yawo ndi kuonetsa kukongola kwawo kwa wozionerera. Nyaleyo ikakhala yofooka, nsomba sizifa. Koma pa thanki ya makorali nyale imalowa m'malo mwa dzuwa, kotero kuti munthu akamasankha nyale ndiye kuti akusankha chakudya cha chiweto chake. Palibe mlimi wanzeru amene amagula chakudya asanadziwe ngati adzaweta mbuzi kapena nkhuku.

Vuto loyamba ndi lakuti diso la munthu si woweruza wabwino pa nkhaniyi. Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera, koma ndi msanganizo wa mitundu yonse ya mu utawaleza. Kukalowa m'madzi, mtundu wofiira ndiwo umayamba kutha, ndipo pa kuya kwa mamita 10 umakhala utatsala wochepa zedi. Wachikasu ndi wobiriwira imatsatira, pamene wa buluu umatsika pansi kuposa yonse. Ndere za m'makorali zimagwiritsa ntchito bwino kuwala kwa buluu kumeneku. Diso la munthu lili ndi khalidwe lina, pakuti limamva kwambiri mtundu wa pakati pa wobiriwira ndi wachikasu. Chotero nyale yothobwa m'maso m'sitolo ikhoza kukhala ya phindu lochepa kwa korali, pamene ya buluu yooneka yofooka ikhoza kukhala yamphamvu mpaka kumuwononga.

Manambala a pa bokosi nawonso amasokeretsa. Mawati amaonetsa magetsi amene nyale imadya, osati kuwala kumene imapereka. Malumeni ndi muyeso wa m'mene diso la munthu limamvera kuwala. Nambala ya Kelvin imanena za mtundu wokha: 6,500 ndi kuyera kwa masana, pamene nyale za makorali kawirikawiri zimakhala pakati pa 10,000 ndi 20,000, kumene ndi kuyera kopendekera ku buluu. Muyeso umene uli ndi ntchito yeniyeni ndi wotchedwa PAR, umene umawerenga kuchuluka kwa kuwala kopangira chakudya kumene kwafika pamalo penipeni pamene korali wakhala. Dzuwa la masana m'maiko otentha limapereka PAR pafupifupi 2,000 pamwamba pa madzi, koma makorali ambiri a m'matanki amafuna kachigawo chabe ka nambala imeneyi.

Oweta amagawa makorali m'magulu atatu. Gulu loyamba amalitcha la makorali ofewa, monga Sarcophyton wooneka ngati chikopa, Discosoma wooneka ngati bowa, ndi Zoanthus wonga maluwa. Amenewa amakhutira ndi PAR ya pakati pa 50 ndi 150, ndipo amapirira zolakwa zing'onozing'ono za mwini thanki. Gulu lachiwiri ndi la makorali a chigoba okhala ndi tizilombo tikulutikulu, monga Euphyllia, amene amafuna kuwala kwapakatikati. Gulu lachitatu ndi la makorali a nthambi, monga Acropora, amene amafuna PAR ya 200 mpaka 350 kapena kuposerapo, pamodzi ndi madzi osasinthasintha ngakhale pang'ono. Palinso Tubastraea, amene alibe ndere m'thupi mwake ndipo sadalira nyale konse, koma amafuna kudyetsedwa ndi manja. Acropora ndiye amakopa maso m'zithunzi, komanso ndiye sachedwa kufa m'manja mwa wosazolowera. Munthu amene wavomera kuyamba ndi gulu loyamba wathetsa kale theka la vuto la nyale, chifukwa nyale yodzichepetsa imukwanira.

Chifukwa chachikulu chopewera nyale yamphamvu ndi chakuti kuchepa ndi kuchuluka kwa kuwala sikulanga mofanana. Kuwala kukachepa, korali amadera ngati dothi, amatambasuka kufunafuna kuwala, ndipo amakula pang'onopang'ono. Zizindikiro zimenezi zimatenga masabata, ndipo mwini wake amakhala ndi nthawi yokonza zinthu. Koma kuwala kukapyola muyeso, ndere zimayamba kutulutsa mankhwala owononga thupi la korali, ndipo korali amazilavula. Akatero amayera mbee, chigoba chikuonekera, ndipo zinthu zikapanda kusintha amafa ndi njala. Izi zikhoza kuyamba m'masiku owerengeka chabe.

Kutentha kwa madzi kumakulitsa vuto lomweli, ndipo m'nyanja zenizeni ndiko kwaphetsa makorali ochuluka. M'chaka cha 1998 madzi atatentha, akatswiri adayerekeza kuti magawo pafupifupi 16 pa 100 a makorali a dziko lonse lapansi adaonongeka, ndipo nyanja ya Indian, makamaka ku Kenya, Tanzania, Seychelles ndi Maldives, idakhudzidwa koopsa. Great Barrier Reef idaona zomwezo mu 2016 ndi 2017, ndipo mu April 2024 bungwe la NOAA la ku America lidalengeza kuti kuyera kwa makorali kwakhudza dziko lonse kachinai. Madzi a m'thanki ayenera kukhala pakati pa madigiri 24 ndi 27. Munthu amene wapachika nyale yowala mopyola muyeso, imenenso ikutenthetsa madzi, wabweretsa tsoka lomwelo m'chipinda chake chochezera ndi ndalama zake zomwe.

Nyale zimene zilipo ndi za mitundu itatu. Ya metal halide ndi babu lamphamvu la mawati 150, 250 kapena 400, limene limaleretsa makorali bwino ndithu, koma limadya magetsi ambiri, limatenthetsa madzi, ndipo limafuna kusinthidwa pafupifupi chaka chilichonse. Ya T5 ndi machubu aatali amene amawala mofanana paliponse m'thanki, koma nawonso amafooka pakatha chaka ngakhale akuoneka ngati akuyakabe. Ya LED ndiyo yafala tsopano, ndipo idatheka kaamba ka ntchito ya Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, amene adapanga LED yowala buluu chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 nalandira mphoto ya Nobel mu 2014. Nyale imeneyi imadya magetsi ochepa, sitenthetsa madzi kwambiri, imakhala zaka zambiri, ndipo mphamvu yake imachepetsedwa mosavuta. Kwa woyamba kumene, LED yosavuta kugwiritsa ntchito ndiyo yoyenera, malinga kuwala kwake kukufika thanki yonse. Kanyale kamodzi kowala ngati tochi kamawotcha pakati, m'mbali muli mdima, choncho ndi bwino kuyeza kutalika ndi kuya kwa thanki asanatulutse ndalama.

Alipo ena amene amati ndi nzeru kugula nyale yamphamvu kamodzi, kuti munthu akadzafuna Acropora m'tsogolo asadzagulenso ina. Mfundo imeneyi ili ndi mutu wake, ndipo amene ali ndi ndalama akhoza kuitsata, pokhapokha ngati nyaleyo ndi yochepetseka ndipo iye ali wokonzeka kuiyatsa mwa theka chabe kwa miyezi yambiri. Komatu munthu amene walipira ndalama zambiri zimamuvuta kuona chinthu chake chikugwira ntchito mwa theka, ndipo nyale zodula zimabwera ndi mabatani ambiri amene amamuyesa kuti azisintha mitundu usiku uliwonse. Korali amatenga masabata kuti azolowere kuwala kwatsopano, ndiye kusinthasinthako kumamufooketsa. Komanso ndalama zotsala pogula nyale yapakatikati zimafunika pa mchere wabwino, madzi oyeretsedwa, mapampu ndi zoyezera madzi. Makorali ambiri amene nyale imanamiziridwa kuti yawapha amakhala atafa ndi madzi oipa.

Nyale ikagulidwa, chotsala ndi mwambo. Iziyaka maola 8 mpaka 10 pa tsiku, ndipo ndi bwino kuilumikiza ku kawotchi koyatsa ndi kuzimitsa kokha, pakuti makorali amafunanso mdima wa usiku. Korali watsopano aziikidwa pansi pa thanki poyamba, n'kumakwezedwa pang'onopang'ono pakapita masabata, mwini wake akuyang'anitsitsa m'mene akutambasukira. Chida choyezera PAR ndi chodula, koma m'madera ambiri masitolo ndi magulu a oweta amabwereketsa, ndipo safunsa adadya phula. Mchere umene umauma pa galasi la nyale uzipukutidwa, chifukwa umatchinga kuwala, ndipo mawaya azikhala kutali ndi madzi. Thanki isaikidwe pa windo poganiza kuti dzuwa ndi laulere, pakuti dzuwalo silichepetseka ndipo limatenthetsa madzi ndi kuchulukitsa ndere zosafunika. Magetsi akathima, batire ipite ku pampu, chifukwa makorali amapirira mdima wa masiku awiri kapena atatu monga amachitira nthawi ya mkuntho, koma madzi osayenda amatha mpweya m'maola ochepa.

Nkhaniyi ikadakhala ya ndalama zokha, bwenzi ili ya mwini thumba yekha. Koma ena mwa makorali ogulitsidwa amachokera m'nyanja, ndipo n'chifukwa chake malonda a makorali a chigoba pakati pa maiko amafuna chilolezo pansi pa pangano la CITES, limene lidasainidwa mu 1973. Korali wofera pansi pa nyale yosayenera amasiya mpata umene umadzazidwa ndi wina wogulidwanso. Woyamba kumene achita bwino kugula tizidutswa todulidwa ku makorali okulira m'matanki, timene timamera monga umamerera mtengo wa chinangwa, ndi kufunsa wogulitsa kuti tidakulira pansi pa kuwala kotani. Aphunzitsi a sayansi nawo ali ndi chitsanzo chabwino pano chofotokozera ana kudalirana kwa zamoyo, ndiponso kuti chinthu chopatsa moyo chikapyola muyeso chimapha. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo woweta amene ayamba ndi makorali ofewa, nyale yapakatikati ndi maola osasintha ndiye adzakhale ndi thanki yamoyo pakatha chaka.

Gawo lotsatira lidzakamba za kayendedwe ka madzi m'thanki ya makorali.