Kandege ka pa foni kasauluke ndi ufa wa m'nyumba

Aliyense wokwera minibasi pakati pa Limbe ndi Blantyre amaona momwe mitu ya anthu imaweramira pa mafoni. Ena amakhala akufufuza pa Google mayankho a ntchito ya kusukulu, ena akuyang'ana mapu kuti apeze njira ya ku Chigumula kapena ku Chirimba, enanso akuseka timakanema toseketsa. Zimenezi zilibe vuto. Koma pakati pawo pali ena amene maso awo ali pa kandege kofiira kokwera m'mwamba, ndipo kandege kameneka kayamba kulowa m'mabanja mwathu mosagogoda.

Masewerawa dzina lake ndi Aviator. Anapangidwa ndi kampani ya Spribe m'chaka cha 2019 ndipo amapezeka pa masamba a intaneti a makampani a juga. Munthu amaika ndalama kuchokera ku Airtel Money kapena Mpamba. Kandege kakanyamuka, nambala yochulukitsira ndalamayo imakwera, ndipo wosewera ayenera kudina batani kuti atenge zake kasanathawe. Kakathawa asanadine, ndalama yapita. Ulendo umodzi umatha m'masekondi ochepa, wina n'kuyamba pomwepo, usana ndi usiku.

Eni masewerawa amanena poyera kuti 97 peresenti ya ndalama zonse zoikidwa ndi imene imabwerera kwa osewera. Chiwerengerochi chimamveka chokoma, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tanthauzo lake ndi lakuti pa K100 iliyonse, K3 imatsala kwa eni ake. Anthu ambiri atayamba ndi K10,000 aliyense, n'kumaikanso zonse zimene ali nazo maulendo 50, ndalama zotsala tikazigawa mofanana aliyense angakhale ndi K2,200 yokha kapena kuchepera pang'ono. Umo ndi momwe anankafumbwe amathera chimanga m'nkhokwe. Opambana ochepa ndiwo amene timawamva, chifukwa oluza amakhala chete ndi manyazi.

Wosewera akaluza, kawirikawiri amathamangira kufufuza pa intaneti njira yodziwira pamene kandege kathawire. Kumeneko amakumana ndi anthu ogulitsa zimene amati ndi chinsinsi cha masewerawa. Abale anga, pothawira kandege pamasankhidwa ndi kompyuta mwa maere, ndipo palibe amene angapadziwiretu. Munthu amene akanadziwadi chinsinsi chotere sakanavutika kuchigulitsa kwa mnyamata wa ku Bangwe.

Tisafulumire kuweruza okodwa mu msamphawu. Ntchito zikusowa, ndipo pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu inakwera m'misika yonse, ku Ndirande, ku Zingwangwa ndi kwina konse. Bambo amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati amaona ngati kandege ndi khomo lotulukira. Komabe ndalama ya lendi, ya fizi ndi ya ufa ikalowa mmenemo, chotsatira ndi ngongole za katapila, mabodza ndi mikangano m'nyumba. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limaika chizolowezi cha juga m'gulu la matenda, ndipo m'chaka cha 2019 linavomereza kuti kukomedwa ndi masewera a pa kompyuta ndi pa foni nakonso kungakhale matenda. Choncho munthu wotereyu akufunika thandizo, osati chipongwe.

Dziko lathu lili ndi lamulo la m'chaka cha 2022 limene linakhazikitsa bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo ana osakwana zaka 18 saloledwa kutchova juga. Koma mwana amene wabwereka foni ya mayi ake, ndipo akudziwa nambala yachinsinsi ya ndalama, lamulo silingamuone. Amene angamuone ndi makolo.

Kusewera pakokha si tchimo. Agogo athu ankasewera bawo pansi pa mtengo, akuonana maso ndi maso, ndipo dzuwa likalowa aliyense ankabwerera kwawo thumba lake lili chimodzimodzi. Muyeso wake ndi womwewo lero: masewera abwino amakhala ndi pothera, sabisidwa, ndipo sadya chakudya cha ana.

Tsono makolo, m'mera mpoyamba. Khalani pansi ndi ana anu, muwapemphe akuonetseni zimene amasewera, ndipo nambala yanu yachinsinsi ikhale yanu nokha. Mayi ndi bambo aziuzana zoona za ndalama za pa foni monga amachitira ndi za m'thumba. Amayi a Mvano ndi a Dorika, a m'miphakati ndi atsogoleri a achinyamata, nkhaniyi ikambidwe pa misonkhano yanu mwachikondi, kuti wokodwayo apeze munthu womuuza mavuto ake asanagulitse katundu wa m'nyumba. Malemba amatiphunzitsa kukhala adindo okhulupirika a zochepa zimene tili nazo, ndipo udindowo ukukhudzanso foni ili m'manja mwathu.

Ambuye adalitse mabanja anu.