Sipiringi yowonjezera sisandutsa pikapu kukhala lole

Alimi anzathu, nyengo yokolola ikayandikira magalaji amadzaza ndi mapikapu. Eni ake, ena mwa iwo ndi makalabu athu omwe, amakawonjezetsa masipiringi a kumbuyo kuti galimoto isamakhale pansi ikasenza chimanga, mtedza, soya kapena mabelo a fodya opita ku okushoni ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu. Ife amene tagwirapo ntchito ya ulangizi m'midzi tikuti kulimbitsa masipiringi nkwabwino, koma tisadzinamize kuti galimotoyo tsopano ingasenze katundu wa lole.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pikapu ya tani imodzi, monga Toyota Hilux kapena Isuzu, inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu pafupifupi 1,000. Amenewa ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo dalaivala ndi aliyense wokwera amalowa m'chiwerengero chomwecho. Mulingo weniweni unalembedwa pa kachitsulo kamene kampani inakhomera pa galimotoyo. Makaniko akawonjezera sipiringi, mulingowu susintha. Ekiselo ndi yomweyo, mabuleki ndi omwewo, matayala ndi omwewo.

Choopsa chili apa. Kale pikapu ikalemedwa inkakhala pansi, aliyense nkuona kuti katundu wachuluka. Sipiringi yowonjezera imabisa chizindikiro chimenechi. Galimoto imaoneka yachilili, ife nkumaponyabe matumba, anthu nkukhala pamwamba. Ikafika pa chitsetso mabuleki amatentha nkuleka kugwira, kapena tayala limaphulika. Ifeyo tinataya soya wa kalabu yonse pamene ekiselo inathyoka powoloka mtsinje, matumba nkunyowa. Mwini galimoto anati si mlandu wake. Ngongole ya mbewu inatsalira alimi.

Kodi tikuti masipiringi asakhudzidwe? Ayi. Pa misewu yathu yafumbi sipiringi yotopa ndi ngozi payokha. Koma ntchitoyo ichitike bwino. Muwonjezere mofanana mbali zonse ziwiri. Mabawuti omanga sipiringi ku ekiselo akhale atsopano. Mashoki ndi mabushi akutha asinthidwe nthawi yomweyo, chifukwa sipiringi yolimba yopanda mashoki abwino imadumphitsa galimoto. Sipiringi yothyoka isawotcheredwe, poti moto umachotsa mphamvu ya chitsulocho ndipo imathyokanso. Matayala akhale a katundu, aja okhala ndi chilembo cha C m'mbali. Matumba olemera aikidwe pafupi ndi kumutu, osati kumchira. Ngati mukukoka ngolo, dziwani kuti kulemera kwake kumatsamira kumbuyo kwa pikapu, kutsogolo nkupepuka, chiwongolero nkuyamba kusamvera.

Funso nkumati, nchifukwa chiyani timalemetsa magalimoto chonchi? Si umbuli. Mafuta ndi okwera mtengo, mwini galimoto amalipiritsa pa thumba, ndipo malole akuluakulu amakana kulowa m'midzi kaamba ka misewu yokumbika ndi milatho yoguluka. M'chigawo cha kummwera namondwe Freddy anakokolola misewu ndi milatho yambiri m'chaka cha 2023. Chonsecho pa mtengo wa mafuta pali gawo la msonkho wokonzera misewu, umene umapita ku Roads Fund Administration, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006. Mlimi akalipira matola, wasonkha nawo. Nanga bwanji akulipiranso kachiwiri ku galaji?

Choncho tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, makomiti a chitukuko a m'madera mwathu akakamize makhonsolo kuti misewu yopita ku misika isalazidwe mvula ikangotha, kukolola kusanayambe. Chachiwiri, makalabu asonkhanitse zokolola pamalo amodzi ofikika nkuchita hayala lole, pikapu izingotuta kuchokera m'midzi pang'onopang'ono. Paja mutu umodzi susenza denga. Chachitatu, pochita hayala galimoto tizilemberana pangano lonena chiwerengero cha matumba komanso amene adzalipire katundu akawonongeka panjira.

Mlembi wa kalabu aime pa galimoto ndi kuwerenga. Matumba akakwana, anene kuti basi, ngakhale dalaivala alumbire kuti masipiringi ake ndi atsopano. Ulendo wachiwiri udya mafuta, inde, koma mtengo wake sungafanane ndi thukuta la chaka chonse, kapena moyo wa membala mnzathu.