Chithunzi Chokongola Chingathe Kunama

Chaka ndi chaka anthu a makamera amafika m'mbali mwa nyanja ku Salima. Amakwera bwato mbandakucha, najambula dzuŵa likutuluka, msodzi akupalasa ndi nkhafi, ndiponso chilumba cha Mbenji chikuoneka chapatali. Zithunzizo n'zokongola ndithu, koma ine ndikuti zambiri n'zonama, pakuti zimaonetsa madzi n'kubisa nkhani ya madziwo.

Utaka wa ku Mbenji sunachuluke mwamwayi ayi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a dera la Makanjira akhala akutseka chilumbachi kuchokera mu Disembala kufikira mu Epulo kuti nsomba ziswane. Pachilumbapo salola moŵa, chamba ngakhale njuga. Kodi munthu amene sanakhale pansi ndi akuluakulu a padoko la Chikombe kuti amve za malamulo ameneŵa, wajambula chiyani? Wajambula miyala chabe.

Choipa kuposa apo n'chakuti ojambulaŵa safuna kuloŵa m'mitsinje, chonsecho mitsinje ndiyo imadyetsa nyanja. Akadapalasa bwato kukwera Linthipe kumapeto kwa dzinja, akadaona madzi ofiira ndi dothi lokokoloka, magombe ometedwa mitengo, ndi minda yofika m'madzi mwenimwenimo. Mpasa zimachoka m'nyanja kukaikira mazira pa timiyala ta m'mitsinje monga Linthipe ndi Bua. Matope akakwirira timiyalato, mazirawo amafa. Chilumba tingathe kuchitseka, koma matope sadziŵa lamulo la mfumu.

Ena amati zithunzi zotere zingaingitse alendo amene amatibweretsera ndalama. Maganizo ameneŵa ngoperewera. Wobisa matenda amaululidwa ndi maliro. Nsomba zikatha, mabwato adzaolera pamtunda, ndipo mlendo amene tikumunyengererayo adzasoŵa chojambula.

Tsono inu ophunzira, ntchitoyi njanu, pakuti lero ngakhale foni yam'manja ili ndi kamera. Yambani mwapempha chilolezo kwa amfumu ndi kwa munthu aliyense amene mufuna kumujambula. Tengani mpalasi wodziŵa pokhala ng'ona ndi mvuu. Jambulani malo amodzimodzi chaka chilichonse, mulembe tsiku lake, kuti kusintha kwa mtsinje kuoneke poyera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zithunzi zoterozo muzipite nazo kubwalo la amfumu ndi kwa alangizi a zaulimi, zikakhale mboni imene munthu sangaitsutse.