Dzina la Weber pachitsulo si umboni

Aliyense amene akusungabe Land Rover yakale, Peugeot 504, Datsun 120Y kapena kabaki ka Nissan 1400 amadziwa kuti tsiku lina kabuleta idzatopa. Galimoto imayamba kumwa petulo mopyola muyeso, kumbuyo utsi wakuda uli tolotolo, m'mawa kuvuta kulira, pamphambano kuzima yokha. Makaniko amatsuka, amasintha magasiketi, kenako amapukusa mutu: "Bwana, apa pakufunika ina." Ndalama za anthu ambiri zimalowa m'madzi pamenepa, chifukwa amathamangira kukagula chitsulo chimene sanachifunse n'komwe kuti chachokera kuti.

Ntchito ya kabuleta ndi kusakaniza mpweya ndi petulo asanalowe mu injini. Kuti petulo apse bwino, pamafunika magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Muyeso umenewu umadalira timabowo ta majeti, tating'ono kwambiri moti pa kabuleta za Weber jeti yolembedwa 135 imatanthauza bowo la mamilimita 1.35. Bowolo likangokula pang'ono, thanki imatha msanga ndipo mapulagi amada. Likachepa, injini imatentha mpaka kuwotcha mavavu. N'chifukwa chake ndikunenetsa kuti chipangizo ichi sichigulidwa ndi maso okha. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo kabuleta yopakidwa penti wasiliva dzulo imawala kuposa yeniyeni imene yakhala zaka makumi anayi pa injini.

Dzina limene akuba amalikonda kwambiri ndi Weber. Edoardo Weber anayambitsa kampani yake mumzinda wa Bologna ku Italy mu 1923, ndipo kabuleta zake zinatchuka pa magalimoto a Ferrari ndi Alfa Romeo, mpaka kufika pa Ford Cortina GT. Mu 1992 ntchito yozipanga inasamukira ku Madrid, ku Spain. Mbiri imeneyi ndi chida cha wogula. Weber yeniyeni ikhoza kusonyeza Italy kapena Spain, zonsezo n'zovomerezeka. Koma munthu akakuuzani kuti iyi anaichotsa pa galimoto ya 1968 imene sinasinthidweko kalikonse, pomwe pachitsulopo palembedwa Spain, muikayikire nkhani yakeyo.

Manambala nawonso amalankhula. Pa 40 DCOE, nambalayo ndi kukula kwa m'mero wa kabuleta m'mamilimita. Pa 32/36 DGV, m'mero woyamba ndi wa mamilimita 32, wachiwiri 36. Tengani choyezera, mutembenuze kabuletayo, muyeze pansi pomwe pali batafulayi. Kenako yang'anani mmene dzina ndi nambala zalembedwera. Pa yeniyeni zilembo zimakhala m'chitsulo momwe, zooneka bwino ndi zolunjika. Ngati dzina lili pa kapepala komata kapena pa katoni pokha, kapena malo a nambala akuoneka kuti anapalidwa ndi chopalira, bwezani ndalama m'thumba. Masulani jeti imodzi muione padzuwa. Iyenera kukhala ndi nambala yake yodindidwa bwino, ndipo pakamwa pa bowo pasakhale zizindikiro zoti munthu analikuza ndi waya kapena chobowolera.

Kabuleta za SU, zimene zinali pa Mini, Morris Minor ndi MG, zili ndi chizindikiro china. Pa kasikulu ka chivindikiro cha mphika wa fuloti pamakhala kachitsulo kopyapyala kolembedwa nambala, monga zoyamba ndi AUD. Nambalayo imanena galimoto imene kabuletayo inapangidwira komanso singano imene ili m'kati. HS2 ndi ya inchi imodzi ndi kota, HS4 ndi ya inchi imodzi ndi theka, HS6 ndi ya inchi imodzi ndi makota atatu. Kachitsuloko n'kosavuta kusamutsa, choncho yezani m'mero muone ngati zikugwirizana. Mukatero chotsani kapisitoni ka mafuta kapamwamba, mukweze pisitoni yaikulu ndi chala, n'kuisiya. Iyenera kutsika mosalala mpaka kumveka kuti khwe pansi. Ikakakamira panjira, mwina singano yapindika, kapena wina anaphatikiza pisitoni ya kwina ndi chivindikiro cha pisitoni cha kwina, pamene ziwirizi zimachoka kufakitale zitalinganizidwira limodzi. Dziwaninso kuti SU yatsopano si yachinyengo ayi: kampani ya Burlen ya ku Salisbury, ku England, ikuzipangabe mpaka lero.

Komabe kukhala yeniyeni sikokwanira. Kabuleta ikhoza kukhala orijino koma ya injini ina, kapena orijino koma yakufa. Eni Land Rover za injini ya petulo ya malita 2.25 amazidziwa izi. Zoyambirira zinkabwera ndi Solex, kenako cha m'ma 1967 anasinthira ku Zenith 36IV. Zenith imeneyi ili ndi nthenda yodziwika: chivindikiro ndi thupi lake zimapindika pamene zimakumanirana, petulo n'kumadutsa m'njira zosayenera. Makaniko wodziwa ntchito amaitsegula, amagoneka rula yachitsulo pamwamba pake, n'kuyang'ana moloza kuwala. Kuwala kukadutsa pansi pa rulayo, ndiye kuti pafunika ntchito yosalaza, ndipo mtengo uyenera kutsika.

Gwiraninso shafiti ya batafulayi ndi zala ziwiri, muigwedeze m'mwamba ndi pansi. Ikamagwedera, ndiye kuti mabowo ake anadyeka ndipo mpweya uzilowera pamenepo mwakuba. Galimoto yotero simungaichune kuti izilira modekha itaima, ngakhale mutapotokola masikulu tsiku lonse. Yesani sikulu iliyonse ngati ikugwira, chifukwa chitsulo cha kabuleta n'chofewa ndipo mazinga ake sachedwa kuphwasuka. Tsegulani mphika wa fuloti. Mukapezamo ufa woyera ndi timaenje, madzi anakhalitsamo ndipo chitsulo chadyeka. Izi zikutikhudza kwambiri kuno kwathu, kumene petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa kuyambira 1982. Ethanol amakoka chinyezi ndipo amaumitsa malabala akale, choncho kabuleta imene inasiyidwa ndi petulo m'kati kwa zaka iyenera kuunikidwa mofatsa.

Ambiri lero amagula poona zithunzi pa WhatsApp, katundu ali ku Johannesburg kapena ku London. Chithunzi chimodzi chojambulira patali sichikwanira. Pemphani cha nambala, cha pansi, cha m'kati mwa mphika wa fuloti, ndi cha choyezera chili pam'mero. Ngati muli ndi mbale kumeneko, apite akaigwire ndi manja. Wogulitsa wachilungamo sakwiya ndi mafunso amenewa. Mukamagula ku Ndirande kapena pamsika wina wa masipeya, nyamulani yakale ija kuti muziyerekeze, mupite ndi makaniko wanu, ndipo mugwirizane musanalipire kuti ikakana pa injini mudzaibweza.

Sindikunena kuti kabuleta yongotsanzira ndi tchimo. Mlimi amene akufuna kuti kabaki kake kafikitse chimanga kumsika ali ndi ufulu wogula yotsika mtengo, bola auzidwe zoona kuti ndi yotsanzira, alipire mtengo wa yotsanzira, ndipo makaniko aone fuloti ndi majeti ake asanaimange. Chimene ndikudana nacho ndi kugulitsa yotsanzira pa dzina ndi mtengo wa yeniyeni. Kumeneko ndi kuba, ndiponso kuika miyoyo pachiswe, chifukwa pa injini zambiri zakalezi kabuleta imakhala pamwamba pa ekizozi yotentha. Fuloti ikalephera kutseka, petulo amasefukira pomwepo.

Magalimoto amenewa sakupangidwanso. Nissan 1400 yomaliza inatuluka m'fakitale ku South Africa mu 2008, ndipo enawo anatha kalekale. Amakaniko odziwa kuchuna kabuleta ndi khutu nawonso akuchepa, pakuti achinyamata akuphunzira za kompyuta. Amene muli ndi galimoto yotere, musachite manyazi kutha ola lathunthu pa benchi ya wogulitsa muli ndi choyezera, rula ndi sikuludiraiva. Akakukanizani kutsegula, musiyireni katundu wake, mukafune kwina.