Kamera Siidziwa Ambuya Anu

Mukakwera basi pa Kulima Tower mawa, tayang'anitsitsani kondakita. Basi ili pa liwiro, iye mutu uli pawindo, koma waona kale amai amene atukula dzanja kuseri kwa thebulo la tomato. Akabweza mutu mkati, akumbuka kuti mnyamata wa ku mpando wa kumbuyo akalibe kulipira, ndipo abambo a cipewa ayembekeza chenji. Diso lotere, lotsata munthu pakati pa gulu osamutaya, ndilo limene opanga makamera akhala akuyesa kuika mu makina. Afika nalo patali, sindikana. Koma ine ndikuti tisawakhulupirire kopitirira makina amenewa, ndipo cifukwa cake ndinacionera kumudzi.

Mphwanga wina, amene akhala ku Mtendere, anadya cilimba n'kugula kamera yogwirako kale nchito, ya mtundu umene acha kuti mirrorless. Ati ayambe kujambula maukwati ndi ma kitchen party. Nchito yake yoyamba inali ya pa cibale: ukwati wa msuweni wathu ku Shikabeta, dziko la Asoli m'boma la Rufunsa. Tinanyamuka m'mamawa ndi Great East Road, kupitirira Chongwe, mpaka tinapatuka kulowa mu mseu wa fumbi. Njira yonse mnyamata anali kutama kamera yake. "Akulu, iyi siphonya. Iona diso la munthu yokha, ine nitinika cabe."

Madzulo a tsiku la ukwati, ng'oma zitakolera, ambuya athu anacita cimene palibe anayembekezera. Iwo amene anali kuyenda ndi ndodo anaiponya pansi, namanga citenje m'ciuno, nalowa m'bwalo. Nthungululu zinamveka mudzi wonse. Sanavine nthawi yaitali, mwina mphindi imodzi. Mphwanga anatinika batani osalekeza, kamera n'kumalira ngati makina osokera.

Usiku tinaunjikana kuti tione. Zithunzi zinali zoposa makumi atatu. Pa zonsezo, nkhope yooneka ngwee inali ya mlendo wina wa m'tauni amene anadutsa kutsogolo ndi foni yake m'mwamba. Thukuta la pamphuno pake mungaliwerenge. Ambuya kumbuyo kwake anali mbuu ngati utsi. Mvula isanagwe caka cimeneco, tinabwereranso ku Shikabeta kukawaika m'manda.

Kodi kamera inalakwa? Iyai. Inacita zimene inapangidwira. Makamera akale aja a DSLR ali ndi kagalasi mkati kamene kamatumiza kuwala ku diso la wojambula ndi ku kacipangizo kena kopima mtunda. Mirrorless inacotsa kagalasi kameneko, ndipo sensa yomwe ijambula cithunzi ndiyo ipimanso pamene pali munthu. Yoyamba yosintha malenzi inali Panasonic Lumix G1 mu 2008, ndipo masiku amenewo makamera otere anali ocedwa pa zinthu zothamanga. Mu 2017 Sony inatulutsa a9, yokhala ndi timalo 693 topimira, yojambula zithunzi 20 pa sekondi imodzi, ndipo yokhoza kupimanso mtunda mpaka ka 60 pa sekondi. Mu 2020 Canon EOS R5 inabwera yozindikira munthu, galu, mphaka ndi mbalame. Ikapeza diso, kabokosi kakang'ono kakakamira pamenepo n'kumayenda nalo.

Manje vuto ili apa. Kamera iphunzitsidwa kudziwa kuti iyi ndi nkhope. Siiphunzitsidwa kuti iyi ndi nkhope ya amene anabala amai anu. Mukaisiya kuti isankhe yokha, kawirikawiri ithamangira nkhope yaikulu, yapafupi, yoyang'ana kutsogolo. Ambuya anali atawerama, citambala catsikira pamphumi, fumbi lakwera, dzuwa lili kulowa, ndiponso anali kuzungulira. Mlendo uja anali pafupi, nkhope poyera. Makina anasankha cosavuta. Kondakita wathu uja sangasokonezeke tero, cifukwa iye adziwa amene afuna. Kamera ili ndi liwiro la kondakita, koma ilibe colinga cake.

Cimene ciwawa n'cakuti mankhwala ake analipo m'kamera momwemo. Wojambula aika pa AF-C, imene a Canon acha kuti Servo, kuti kamera isaleke kupima munthu akamayenda. Ndiye m'malo moipatsa bwalo lonse, ayamba ndi kabokosi kamodzi, akaika yekha pa munthu amene afuna, ndipo pamenepo ndi pamene kamera iyamba kutsata. Palinso poiuza kuti wina akadutsa kutsogolo isafulumire kulumphira kwa iye. Makamera ena alola ngakhale kusungiratu nkhope ya mkwatibwi kuti aziyamba ndi iyo. Ndipo pa gule kapena pa mpira, shata ifunika yofulumira, monga 1/500 kapena 1/1000 ya sekondi, apo ayi manja ndi miyendo zituluka zopakika ngakhale kamera itagwira munthu woyenera. Zonsezi mphwanga anazidziwa pambuyo pake. Anali atagula kamera, koma anali asanaiphunzire.

Ena adzati, "Nanga tibwerere ku makamera akale?" Ine sindinakambe tero. Akale aja anali kuphonya maningi kuposa apa, ndipo mnyamata wa lero akhoza kugwira mwana wothamanga pa bwalo la m'komboni mosavuta kuposa mmene akatswiri anali kucitira kale. Amene apita kukajambula ovina pa mwambo wa Nkomba Lyanga konko kwa Shikabeta, kapena pa Nc'wala ku Mtenguleni, adziwa ubwino wake. Cimene ndikana ndi maganizo akuti mtengo wa kamera ulowa m'malo mwa nzeru za mwini wake.

Tsono kwa inu amene mukonza ukwati kapena cilanga mulilo, ndalama zanu mwazivutikira. Musafunse cabe kuti, "Muli na kamera ya bwanji?" Uzani wojambulayo akuonetseni zithunzi za anthu ali mkati movina, makamaka madzulo. Za anthu oimirira ngati asilikali aliyense akhoza. Ndiponso mupatseni wacibale mmodzi woti aimirire naye pafupi, azimulozera kuti awa ndi ambuya, awa ndi atsibweni ocokera kutali, awa musawaphonye. Wojambula ndi mlendo pa banja lanu, ndipo kamera yake ndi mlendo woposa iye.

Kwa inu anyamata a makamera, musaphunzirire pa ukwati wa munthu. Pitani pa bwalo la mpira Loweruka, pemphani cilolezo, sankhani wosewera mmodzi, mumutsate mpaka cala cizolowere. Mpira udzaseweredwanso sabata ya mawa. Ukwati subwerezedwa.

Ndipo ife a m'tauni, tikafika kumudzi, tiphunzire kukhala pansi. Timakonda kuima kutsogolo ndi mafoni athu ngati mwambo ndi wathu tokha. Mlendo uja sanafune kulakwira munthu, koma anaima pamene sanafunike kuima, ndipo makina anamulemekeza kuposa mwini bwalo.

Cithunzi cimodzi mwa zija tinacitsukitsa ndithu, titadulako mbali ya mlendo. Cili pa cipupa kwa amai. Alendo akafunsa kuti ndi ciani ici, amai amaloza ndi cala nati, "Ndi amama awa. Onani mmene anatukulira dzanja." Amene anawadziwa amavomera. Koma ana athu, amene sanawaone, aona utsi cabe.